Injini Yopuma Yokha: Mpweya, Petulo ndi Luso la Kutchuna

Aliyense amene anasonkhapo moto pamafuwa amadziwa kuti kuunjika nkhuni sikukoleza moto. Ukapanikiza nkhuni pansi pa mphika, moto umatsamwa, utsi umadzaza khitchini, madzi a nsima amachedwa kuwira. Koma ukasololako chikuni chimodzi n'kuuzira pang'ono, malawi amadzuka. Nkhuni zachepa, koma moto wakula, chifukwa mpweya wapeza polowera. Amene wamvetsa zimenezi wagwira kale nsonga ya nkhani ya injini ya petulo.

Okonda galimoto m'maiko ambiri, kuyambira ku Japan mpaka ku South Africa, amasintha injini zawo kuti zikhale ndi mphamvu zoposa zimene zinachoka nazo kufakitale. Ena amamangirira turbo, chipangizo chimene chimakankhira mpweya m'injini monga mvukuto wa wosula makasu umachitira pang'anjo. Ena safuna mvukuto. Amakonda injini yokoka mpweya yokha, yomvera phazi nthawi yomweyo ukaponda moto, imene kulira kwake kumakwera pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Nkhani ino ikunena za injini zoterezi: mmene zimapumira, mmene petulo amafikira mkati mwake, ndi chifukwa chake injini yosinthidwa iyenera kutchunidwa ndi zoyezera m'manja.

Chifuwa cha injini

Injini za petulo za m'galimoto zimatsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa mu 1876. Pisitoni imatsika n'kulowetsa mpweya wosakaniza ndi petulo. Imakwera n'kuupanikiza. Pulagi imathetheka, moto umabuka n'kukankhira pisitoni pansi. Kenako pisitoni imakweranso kutulutsa utsi. Pa maulendo anayiwa, umodzi wokha ndiwo umabala mphamvu. Atatu enawo ndi ntchito yopuma.

Tikati injini ikukoka mpweya, kwenikweni pisitoni imangosiya malo opanda kanthu, ndipo mpweya wa kunja umadzikankhira wokha m'malomo chifukwa cha kulemera kwake. M'mphepete mwa nyanja yamchere, kulemera kumeneku ndi pafupifupi bar imodzi. Apa ndi pamene pali malire a injini yopanda turbo: palibe china choithandiza kudzaza masilinda.

Tiyeni tiwerengere. Injini ya malita 1.6 imadzaza masilinda ake onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, ikanameza malita 4,800 a mpweya pa mphindi imodzi ngati silinda iliyonse ikanadzaza ndendende. Koma mpweya umakumana ndi zopinga: sefa, mapaipi okhota, ndi mavavu amene amatseguka kwa kanthawi kochepa kwambiri. Injini wamba imadzaza 80 mpaka 90 peresenti pamene ikupuma bwino. Injini za mpikisano zokonzedwa mwaluso zimafika pa 100 peresenti, zina kupitirirako pang'ono. Ntchito yonse yosintha injini yopanda turbo ndi kulimbirana kagawo kotsalako, ndiponso kuithandiza kuti ipitirize kupuma bwino pamene ikuzungulira mwaliwiro.

Mulingo wa 14.7

Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Popeza mpweya ndi wopepuka, lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya, ndipo mu mpweya wonsewo gawo lothandiza kuyaka, la okosijeni, ndi 21 peresenti yokha. Mukayerekeza lita imodzi ndi malita 9,000, muona chimene chili chovuta kupeza. Kuthira petulo wowonjezera n'kosavuta. Chosowa ndi mpweya.

Petulo akachuluka kuposa mulingo umenewu, amakanika amati injini ili rich. Tinene kuti msakanizo wanona. Akachepa amati ili lean, msakanizo waonda. Akatswiri amagwiritsanso ntchito nambala yotchedwa lambda: ikakhala 1, mulingo uli ndendende, ikatsika, msakanizo wanona, ikakwera, waonda.

Poyenda ulendo wamba, injini imafuna 14.7, chifukwa pamenepo petulo sawonongeka ndipo chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizosi chimagwira bwino ntchito. Ukaponda moto mpaka pansi, injini imatulutsa mphamvu zambiri msakanizo ukanona pang'ono, pakati pa 12.5 ndi 13.2. Petulo wapamwambayo amaonetsetsa kuti okosijeni yense wagwira ntchito, komanso amaziziritsa mkati mwa silinda. Mukapitirira apo mphamvu zimayamba kutsika. Utsi umada, mapulagi amachita mwaye, ndipo petulo wosapsa amatsuka oilo m'mbali mwa silinda n'kutsikira pansi kukasungunula oilo yense. Injini imatha msanga mwakachetechete.

Kuonda kuli ndi ngozi yake, ndipo imeneyi siichedwa. Msakanizo woonda pa injini imene ikugwira ntchito yolemetsa umatentha kwambiri: umaotcha mavavu, umayeretsa mapulagi kuti mbee, ndipo ungathe kuboola pisitoni. Mpata wa pakati pa kunona ndi kuonda ndi wochepa, ndipo khutu la munthu silingauyeze.

Kuchokera pa kabureta kufika pa injekita

Kwa zaka zambiri ntchito yosakaniza inali ya kabureta. Mkati mwake muli khosi lopanikizika, lotchedwa venturi potengera dzina la Giovanni Battista Venturi wa ku Italy. Mpweya ukamadutsa pakhosipo umathamanga, puresha yake imatsika, ndipo petulo amayamwika kudzera pa kabowo kotchedwa jeti. Pali jeti ya pamene injini ikungolira galimoto itaima, jeti yaikulu ya paulendo, ndi kapampu kolavula petulo ukaponda moto mwadzidzidzi. Kutchuna kabureta ndiko kusintha majeti amenewa, limodzi ndi timabowo ta mpweya, mpaka mulingo ukhale bwino paliponse.

Kabureta yotchuka pakati pa osintha injini ndi Weber DCOE ya ku Bologna, ku Italy. Iliyonse ili ndi makosi awiri, choncho ziwiri zimapatsa silinda iliyonse ya injini ya masilinda anayi khosi lakelake. Nambala zake, 40 kapena 45, ndi kukula kwa bowo m'mamilimita. Ambiri amathamangira 45 poganiza kuti chachikulu ndicho champhamvu. Koma pa injini yaing'ono, khosi lalikulu limachedwetsa mpweya, petulo sayamwika bwino, ndipo galimoto imadodoma ponyamuka.

Njira yopopera petulo ndi injekita inakula pang'onopang'ono. Mercedes-Benz 300 SL ya 1954 inali ndi pampu ya Bosch yopopera petulo m'silinda mwenimweni. Mu 1967 Bosch inatulutsa D-Jetronic, yoyendetsedwa ndi magetsi, pa Volkswagen 1600. Mu 1976 Volvo inayamba kugwiritsa ntchito sensa ya lambda, imene imanunkhiza utsi n'kunena ngati msakanizo wanona kapena waonda. Mu 1979 Motronic inaphatikiza ulamuliro wa petulo ndi wa moto wa mapulagi m'kompyuta imodzi, pa BMW. Galimoto zambiri za petulo zimene zili pamsewu lero ndi zidzukulu za njira imeneyi.

Injekita ndi kampopi ka magetsi. Kompyuta ikaitumizira magetsi imatseguka, ikadula imatseka. Kuchuluka kwa petulo kumadalira utali wa nthawi imene yatseguka, ndipo nthawiyo imawerengedwa m'mamilisekondi, kutanthauza magawo a sekondi itagawidwa ka 1,000. Kompyuta imasankha nthawiyo pomvera masensa: yowerenga kuzungulira kwa injini, yoyeza mpweya wolowa kapena puresha yake, yoona mmene phazi lapondera, yoyeza kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya, ndi ya lambda.

Sensa imodzi ikanama, kompyuta imalakwitsa mokhulupirika. Chitsanzo chodziwika ndi chizolowezi chochotsa thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa madzi a injini, poopa kuti injini itentha. Madzi akamakhala ozizira nthawi zonse, kompyuta imayesa kuti kukadali m'mawa, imapitiriza kuthira petulo wambiri, ndipo mwini galimoto amangodabwa kuti thanki ikutha msanga. Musanaganize zowonjezera mphamvu, onetsetsani kuti masensa onse alipo ndipo akunena zoona.

Zimene anthu amasintha

Ambiri amayambira pa ekizosi. Mapaipi anayi ochokera m'masilinda angakumane awiriawiri kenako n'kukhala imodzi, kapena onse anayi pamodzi. Njira yoyamba imathandiza mphamvu za pakati, yachiwiri za pamwamba. Chinsinsi chake ndi chakuti utsi umatuluka mwa mafunde, ndipo funde lililonse limasiya kumbuyo kwake malo a puresha yochepa. Utali ndi kukula kwa mapaipi zikakhala zoyenera, malo amenewo amafika pa vavu panthawi yake n'kuthandiza kukoka utsi wotsala ndi mpweya watsopano. Paipi yaikulu mopitirira imafooketsa mafundewo. Phokoso limakula, mphamvu za pansi zimathawa.

Sefa ya mpweya yooneka ngati chipewa, imene ambiri amaimanga pansi pa boneti, ingathandize kapena kuwononga. Ikakhala pafupi ndi ekizosi imameza mpweya wotentha, ndipo mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: chipangizo chonyezimira chingakulandeni mphamvu zimene bokosi la pulasitiki la kufakitale linkakupatsani pokoka mpweya wozizira wa kutsogolo.

Chimene chimasinthadi khalidwe la injini ndi camshaft, mtanda wa mabampu umene umatsegula mavavu. Camshaft ya mpikisano imatsegula mavavu kwambiri ndiponso kwa nthawi yaitali, ndipo pamakhala kanthawi kotalikirapo pamene vavu yolowetsa ndi yotulutsa zonse zili zotseguka. Injini ikamathamanga, zimenezi zimadzaza silinda bwino. Ikamayenda pang'onopang'ono, utsi umabwerera m'mbuyo, injini imanjenjemera, petulo amapita wambiri, ndipo pamzere wa galimoto m'tauni dalaivala amatopa. Walira mvula walira matope. Honda inapeza njira yozembera vutoli ndi VTEC, imene imapatsa injini mabampu a mitundu iwiri, ofatsa ndi aukali. Injini yake ya B16A ya 1989 inkatulutsa mphamvu za mahatchi 160 pa malita 1.6, ndipo ya S2000 ya 1999 inkazungulira mpaka pafupifupi ka 9,000 pa mphindi.

Ena amasalaza ndi kukuza njira za mpweya m'mutu wa injini, ena amakweza kompuresheni, kutanthauza mmene pisitoni imapanikizira msakanizo, pomanga mapisitoni ena kapena kupala mutuwo. Ena amapatsa silinda iliyonse chitseko chakechake cha mpweya. Toyota inachita zimenezi kufakitale pa 4A-GE ya mavavu 20, imene inatuluka mu 1991 ndi mavavu asanu pa silinda iliyonse, ndipo pambuyo pake inamangidwanso mu Corolla RXi ya ku South Africa.

Kodi zonsezi zimabweretsa mphamvu zochuluka bwanji? Yankho labwino likuchokera ku South Africa komweko. Mu 1990 kampani ya Delta Motor Corporation ya ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ndi Gqeberha, inafuna kugonjetsa BMW 325iS, imene anthu a ku Soweto amaitcha gusheshe, pa mipikisano ya Group N. Inatenga Opel Kadett GSi ya malita 2 ndi mavavu 16, yotulutsa makilowati 115. Inaimangira camshaft za Schrick, inakonza mutu wa injini ndi ekizosi, n'kulembanso malangizo a m'kompyuta. Galimoto imene inatuluka, yotchedwa Superboss, inali ndi makilowati 125. Akatswiri okhala ndi zida zonse anapeza makilowati 10 owonjezera, osakwana 10 peresenti, ndipo galimotoyo ikukumbukiridwa mpaka lero. Pa injini yopanda turbo, mphamvu zimatoleredwa pang'onopang'ono ngati khunkha, ndipo zimaoneka pokhapokha zigawo zonse zikagwirizana.

Ulendo wa petulo kuchokera m'thanki

Injini ikayamba kupuma kwambiri, petulo ayenera kutsatira. Ulendo wake umayambira m'thanki, mmene pampu ya magetsi imamukankha kudutsa pa sefa mpaka pa paipi yachitsulo imene mainjekita amamangidwapo. Pa injini zambiri zopopera petulo kuseri kwa vavu, puresha yake ndi pafupifupi mabar 3, ndipo kachipangizo kotchedwa regulator kamaisunga pamenepo pobwezera petulo wotsala kuthanki. Kabureta imafuna puresha yochepa kwambiri, pafupifupi 0.2 mpaka 0.3 ya bar. Mukaimangira pampu ya mainjekita popanda choichepetsa, petulo amasefukira pa injini yotentha, ndipo moto suchedwa.

Kukula kwa injekita kumawerengedwa, sikulota. Injini yopanda turbo, ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, imadya magalamu pafupifupi 225 a petulo pa hatchi iliyonse pa ola. Injini ya mahatchi 160 idzafuna makilogalamu 36 pa ola, amene ndi malita pafupifupi 49. Tikagawira mainjekita anayi, iliyonse iyenera kupereka mamililita pafupifupi 205 pa mphindi. Koma injekita siyenera kukhala yotseguka nthawi zonse. Pa kuzungulira ka 6,000 pa mphindi, ili ndi mamilisekondi 20 okha pakati pa kupopera kumodzi ndi kwina, ndipo otchuna amafuna kuti isatseguke kupitirira 80 kapena 85 peresenti ya nthawiyo. Choncho injekita ya mamililita pafupifupi 260 pa mphindi ndi yokwanira.

Masamu amenewa akuonetsa kuti injini zambiri zosinthidwa pang'ono sizifuna mainjekita atsopano konse. Amene amamanga mainjekita aakulu kuwirikiza kawiri osaiuza kompyuta amangothira petulo wowirikiza, pakuti kompyuta imatsegula nthawi yomwe ija inazolowera. Sensa ya lambda imayesetsa kukonza, koma mphamvu zake zili ndi malire. Ngakhale kompyuta itauzidwa, injekita yaikulu mopitirira imavuta kuilamulira galimoto itaima, chifukwa imafunika kutseguka kwa kanthawi kochepa kwambiri koti siingakwanitse mofanana nthawi zonse.

Ena amakweza puresha kuti petulo achuluke. Njirayi imathandiza pang'ono chabe: kuchoka pa mabar 3 kufika pa 4 kumawonjezera pafupifupi 15 peresenti, osati gawo limodzi mwa atatu, ndipo pampu imalemedwa. Chimodzimodzi pampu zotchuka za malita 255 pa ola: injini yofuna malita 49 ilibe nazo ntchito, ndipo regulator yaing'ono ingalephere kubweza petulo wochuluka chotero.

Chofunika kwambiri ndi chakuti puresha isagwe pamene injini ikufuna petulo wambiri. Pampu yokalamba, sefa yotsekeka ndi zinyalala, kapena waya wa magetsi wodyeka, zonsezi zimabisala galimoto itaima n'kuonekera pachitunda, phazi lili pansi. Pamenepo msakanizo umaonda panthawi yoopsa kwambiri. Choncho puresha iyezedwe injini ikugwira ntchito. Pa galimoto za mpikisano pali vuto linanso: pokhota mwaliwiro petulo amathawira mbali imodzi ya thanki ndipo pampu imameza mpweya. Mankhwala ake ndi kathanki kakang'ono kokhala kodzaza nthawi zonse, kamene pampu yaikulu imamwerako. Mapaipi a labala nawo akhale opangidwira puresha ya mainjekita, omangidwa bwino, ndi otalikirana ndi ekizosi.

Nthawi ya moto ndi kugogoda

Petulo m'silinda saphulika ngati bomba. Amayaka kuchokera pa pulagi, moto n'kumafalikira ngati lupsa m'tchire. Popeza kuyakako kumatenga nthawi, pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba, kuti puresha ifike pachimake pisitoni itangoyamba kutsika, madigiri pafupifupi 15 itadutsa pamwambapo. Amakanika amati imeneyi ndi timing. Moto ukachedwa, mphamvu zimathera mu ekizosi. Ukafulumira kwambiri, umalimbana ndi pisitoni imene ikadali kukwera.

Choopsa ndi kugogoda. Kutentha ndi puresha zikapitirira, msakanizo wa m'mbali mwa silinda umaphulika wokha moto wa pulagi usanaufikire. Kunja kumamveka ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, makamaka pokwera chitunda pa giya yaikulu. Mkati, kuphulikako kumathyola mphepete mwa pisitoni, kumaswa malin'gi ndi kuotcha gasiketi. Pa injini ya ekizosi yaphokoso, dalaivala sangamve n'komwe.

Nambala ya octane imanena mmene petulo amapiririra asanaphulike yekha. Siinena za mphamvu zimene zili m'petuloyo. Injini ya kompuresheni yochepa siipindula kanthu ndi octane yapamwamba, pamene ya kompuresheni yaikulu singakhale popanda iyo. Mtundu womaliza wa 4A-GE ya mavavu 20 unali ndi kompuresheni ya 11 kwa 1, ndipo ku Japan petulo wapamwamba amafika pafupifupi octane 100. Injini yotere ikamwa petulo wa octane yocheperapo, sensa yomva kugogoda imauza kompyuta kuti ichedwetse moto. Injini imapulumuka, koma mahatchi ena amatsala papepala. Petulo wa m'zigubu, amene sukudziwa kumene wachokera, ndi mdani wamkulu wa injini yotere: palafini pang'ono amagwetsa octane, ndipo madzi ndi fumbi zimawononga pampu ndi mainjekita.

Kutchuna kwenikweni

M'kompyuta ya injini muli matebulo a manambala amene otchuna amawatcha mapu. Mbali imodzi ili ndi liwiro la kuzungulira, mbali ina kulemera kwa ntchito, ndipo kabokosi kalikonse kamanena kuchuluka kwa petulo kapena nthawi ya moto. Manambala a kufakitale analembedwera injini ya kufakitale. Mukasintha camshaft, mutu ndi ekizosi, injini imapuma mosiyana: kwina imameza mpweya wambiri, kwina wochepa. Mapu akale amakhala akulondolera njira ya mudzi umene unasamuka.

Pali njira zitatu zokonzera. Yoyamba ndi kulembanso mapu m'kompyuta ya kufakitale, ngati ikulola. Yachiwiri ndi kumanga kabokosi kothandizira kamene kamasintha mauthenga a pakati pa masensa ndi kompyuta, monga Unichip ya kampani ya Dastek ya ku South Africa. Yachitatu ndi kuchotseratu kompyuta yakale n'kumanga ina yotchunika paliponse: Haltech ndi MoTeC za ku Australia, Link ya ku New Zealand, MegaSquirt ya ku America, kapena Dicktator, Gotech ndi Spitronics za ku South Africa. Injini ya camshaft yaukali ndi zitseko zinayi za mpweya kawirikawiri imafuna njira yachitatuyi, chifukwa puresha ya m'mapaipi ake imadumphadumpha, ndipo kompyuta imayenera kuwerengera petulo potsata mmene chitseko chatsegukira.

Chida choyamba cha wotchuna ndi sensa ya lambda ya mtundu wa wideband. Sensa wamba ya kufakitale imangodziwa mawu awiri, kunona ndi kuonda, ndipo imanena zoona pafupi ndi 14.7 pokha. Wideband imatchula nambala yeniyeni, kaya 11.8 kaya 13.0. Chida chachiwiri ndi dyno, makina a zigudumu pamene galimoto imathamangira pamalo amodzi mphamvu zake zikuyezedwa. Chachitatu ndi chomvera kugogoda, chimene wotchuna amavala m'makutu.

Ntchito ili ndi dongosolo lake. Choyamba moto umachedwetsedwa kuti injini ikhale pabwino. Kenako petulo amakonzedwa kabokosi ndi kabokosi, kuyambira pansi kukwera. Petulo akakhala bwino, moto umafulumizitsidwa digiri imodzi kapena madigiri awiri, wotchuna akuyang'ana dyno. Mphamvu zikasiya kukwera, kapena kugogoda kukangomveka, amaima n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kusiya mpata wa tsiku lotentha ndi petulo woipa. Pomaliza pamabwera ntchito yosaoneka pa pepala la dyno koma yomveka tsiku ndi tsiku: kulira m'mawa kukuzizira, kukhazikika galimoto itaima, kumvera ukaponda pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wotchuna amene watha zonse m'mphindi makumi awiri wangokonza mzere umodzi wa mapu.

Malo ndi mtundu wa petulo

Injini yopanda turbo imamva kukwera kwa malo kuposa ina iliyonse. Pa mamita 300 alionse okwera, imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake chifukwa mpweya umapepuka. Ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750, galimoto imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zimene ikanakhala nazo ku Durban. Mpweya wopepukawo umachepetsanso kugogoda, ndipo n'chifukwa chake petulo wa octane 93 amagulitsidwa m'zigawo zokwera za dzikolo.

Nkhaniyi imakhudza aliyense wogula galimoto yotchunidwa ku Johannesburg n'kuiyendetsa kupita ku Malawi. Ikatsikira ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, imapeza mpweya wolemera ndi dzuwa loswa mtengo. Timing imene inali yabwino kumtunda ingayambe kugogoda kumeneko. M'Malawi momwe, Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, Lilongwe ndi Blantyre kupitirira pang'ono 1,000, nyanja ya Malawi pafupifupi 470, ndipo Nsanje siifika 100. Kompyuta yoyeza mpweya imadzikonza yokha. Kabureta siidziwa kuti yasamuka: majeti osankhidwa ku Dedza amaondetsa msakanizo galimoto ikatsikira ku Chikwawa. Kompyuta yowerengera petulo potsata chitseko cha mpweya nayo imafuna sensa yoyeza puresha ya kunja, apo ayi imalakwitsa mofanana.

Petulo nayenso sali wofanana paliponse. Malawi inayamba kusakaniza ethanol m'petulo mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za shuga, ndipo pambuyo pake inatsegulidwa ina ku Chikwawa. Ethanol amapirira kugogoda kuposa petulo, zimene zimakomera injini ya kompuresheni yaikulu. Koma pa lita iliyonse ali ndi mphamvu zochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo mulingo wake ndi 9 kwa 1. Petulo wosakaniza 10 peresenti ya ethanol amafuna pafupifupi 14.1 m'malo mwa 14.7, ndipo wa 85 peresenti, wotchedwa E85, amafuna kuti mainjekita apereke pafupifupi 30 peresenti yowonjezera. Wotchuna wanzeru amawerenga lambda, imene tanthauzo lake silisintha ndi mtundu wa mafuta, ndipo amatchuna ndi petulo yemweyo amene galimoto izimwa masiku onse. Ethanol amayamwanso chinyezi ndipo amadya labala wakale, choncho mapaipi a galimoto zakale ayenera kuonedwa kawirikawiri.

Mawu kwa wofuna kuyamba

Yambani ndi injini yathanzi. Yezani kompuresheni ya silinda iliyonse, sinthani mapulagi ndi masefa, tsukitsani mainjekita, bwezerani thermostat ndi sensa iliyonse imene inachotsedwa. Galimoto zambiri zakale zimapezanso mphamvu zimene zinataya pongochita zimenezi. Kenako sankhani chimene mukufuna: galimoto ya kuntchito tsiku ndi tsiku siifuna camshaft ya pabwalo la mpikisano. Sungani ndalama ya wotchuna musanagule chipangizo chilichonse, pakuti zida zodula zopanda mapu oyenera zimapereka mphamvu zochepa kuposa injini imene simunaikhudze. Mabuleki, matayala ndi mashoko zikonzedwe injini isanakule. Musachotse chipangizo choyeretsa utsi pa galimoto ya pamsewu, chifukwa utsiwo amaupuma ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu womwewo. Auzeni a inshuwalansi zimene mwasintha, ndipo liwiro lanu mukaliyesere pa dyno kapena pabwalo la mpikisano, kutali ndi anjinga ndi oyenda pansi.

Injini yopuma yokha imabweza ndendende zimene mwaipatsa. Ipatseni njira yabwino ya mpweya, petulo wa mulingo wake, ndi moto wa panthawi yake. Yezani musanasinthe kanthu, sinthani chinthu chimodzi, ndipo muyezenso musanakhudze chachiwiri.